Masokosi a Amalume

Amalume anga anagwira nchito ya ulonda ku Kabulonga kwa zaka 19. Madzulo alionse anali kutuluka m'nyumba yathu ya zipinda ziwiri ku Kalikiliki atabvala yunifomu ndi jombo zakuda zopolisha bwino, tochi ili m'thumba la jekete, nsima ya kapenta ili m'kakontena. Ulendo wao sunali wautali. Kalikiliki ndi Kabulonga zili ngati mphuno ndi mlomo: ukayenda pang'ono cabe, fumbi limatha, tara imayamba, mipanda imatalika, agalu naonso amanenepa. Anthu ambiri a m'komboni mwathu amadyera kumayadi kumeneko, ena kucapa, ena kuthirira maluwa, ena kucezera pa geti usiku wonse. Dzina la ubatizo la amalume analidziwa ndi anthu ocepa. Ana ndi akulu omwe anali kuwaitana kuti ba Malonda.

Ndalama za pa geti imeneyo ndizo zinandiphunzitsa. Atate anamwalira ndili giredi 3, ndipo kwathu ku Katete mwana wa mlongo ndi katundu wa malume. Iwo anausenza katunduyo osadandaula, mpaka ndinalowa koleji kukaphunzira nchito ya mu labu, yopima magazi ndi makhololo.

Mu Okutobala 2018 ndinaona kuti amalume sabvula masokosi. Wodziwa Lusaka adziwa kutentha kwa mwezi umenewo, makamaka pansi pa malata opanda siling'i. Amuna onse a pa mzere wathu anali kukhala panja m'mapatapata, koma amalume anali kugona masana ndi masokosi, nthawi zina mapeyala awiri. M'mawa wina ndinapita kuseri kwa nyumba kukataya phulusa la pa mbaula, ndipo ndinawapeza akusambitsa mapazi m'beseni. Phazi lakumanzere linali lotupa mpaka m'kakolo. Pamwamba pake ndi m'mbali munali timabala tosaphulika, takuda mofiirira ngati nthudza zakupsa, tina tosalala, tina totukuka. Anandiona, ndipo anamiza phazilo m'madzi.

“Usauze amai ako,” anatero. “Jombo ndiyo yanithina.”

Sindinayankhe, cifukwa dzina la matendawo ndinali nditalidziwa kale. Tinaliphunzira m'kalasi miyezi yocepa m'mbuyomo: khansa ya Kaposi. Zithunzi za m'buku zinali za khungu la azungu, pomwe mabalawo amaoneka ofiira kapena apepo. Pa khungu lathu amada, ndipo ndico cifukwa cake ambiri amawayesa zipsera, mikwingwirima kapena nyongolotsi za m'mapazi. Bukulo linanenanso kuti khansa imeneyi ndi cimodzi ca zizindikiro zakuti AIDS yafika pacimake, masoja a m'thupi atha.

Zakuti amalume ali ndi HIV sicinali cinsinsi m'nyumba mwathu. Akazi ao anamwalira mu 2004. Iwo anapimitsa caka cotsatira, caka comweco boma linalengeza kuti ma ARV adzakhala aulere m'zipatala zake, ndipo kucokera pamenepo anali kumwa mankhwala nthawi ya 18 koloko asananyamuke. Ine ndinaphatikiza ziwirizi, za m'buku ndi za m'beseni, ndipo ndinapeza yankho limodzi lokha: amalume asiya mankhwala.

Ndinacita cinthu cimene cimandicititsabe manyazi. Botolo lao linali kukhala m'citini ca masikono pamwamba pa kabati. Iwo akangotuluka, ndinali kukhuthulira mapilisi onse pa citenje ndi kuwawerenga. Ndinacita zimenezi masiku 10. Tsiku lililonse pilisi limodzi linali kucepa, monga mmene ziyenera kukhalira. Koma mtima wokayikira sukhuta. Ndinadziuza kuti mwina amalitaya m'ngalande panjira. Pa tsiku la 11 ndinauza amai.

Amai anadikira Sondo, titabwerako ku chalichi. Anakhala pa mpasa, amalume pa kampando.

“Alongo, kodi mwatopa nafe? Ngati mwasiya mankhwala, tiuzeni tidziwe.”

Amalume anayang'ana ine, osati amai. Anakhala cete nthawi yaitali.

“Amake Misozi, zaka 13 sindinaphonyepo. Ngakhale tsiku loika maliro a amai athu ku Katete, ndinamwera kumanda.”

Amai anawakhulupirira pomwepo, koma cikhulupiriro cao cinatsegula khomo lina. Ngati si mankhwala, ndiye kuti munthu wina wawachera. Anansi anathandizira: phazi lotupa lopanda cilonda, munthu wogwira nchito imene anyamata ambiri akuifuna, nanga n'ciani cina? Anapita nao kwa sing'anga wina amene anawatema mphini kuzungulira kakolo ndi kupakamo zakuda. Ndalama zinapita, ndipo mphinizo sizinapole. Zinayamba kucuca madzi. Ku kiliniki ina anawapatsa mafuta opaka a nyongolotsi, cifukwa amalume anangowaonetsa pakati pa zala, osakweza buluku. Miyezi itatu inatha motero. Mu Januwale, mvula itadzaza ngalande za m'komboni, jombo inakana kulowa. Apo m'pamene anabvomera kuti ndiwaperekeze, ndipo wacipatala amene tinapeza tsikulo anawauza kuti abvule zonse, anawaunika m'kamwa ndi tochi, napeza bala lina lakuda kumwamba kwa kamwa. Analemba kalata ya ku UTH.

Kumeneko anadula kanyama kakang'ono pa bala limodzi kukapima, ndipo anatenganso magazi. Zotsatira za kanyamako zinatsimikiza zimene ndinaopa. Zotsatira za magazi zinanditsutsa ine. HIV sinali kuoneka n'komwe m'magazi mwao, ndipo CD4 yao inali pamwamba pa 500. Masoja analipo, okwanira. Munthu amene ndinamuyesa wabodza anali atasunga pangano lake tsiku lililonse.

Funso limene linandisowetsa tulo linali lakuti: ngati masoja alipo, n'cifukwa ciani sakuiona khansayi? Ndinayamba kuwerenga usiku pa foni, mabando akalola.

Matendawa si acilendo kuno. Dokotala Moritz Kaposi anawalongosola koyamba ku Vienna mu 1872, atawaona pa amuna acikulire. Pakati pa Africa analipo AIDS isanabwere, makamaka pa miyendo ya amuna, ndipo anali kuyenda pang'onopang'ono kwa zaka zambiri. Mu 1983, dokotala wa maopaleshoni pa UTH, Anne Bayley, anaona kuti nkhope ya matendawa yasintha. Odwala 13 anabwera ndi mtundu waukali, wa m'kamwa, m'mapapo ndi m'mwanabere, akuonda msanga, ndipo 8 mwa iwo anamwalira caka cisanathe. Analemba zimenezi m'magazini ya madokotala ya The Lancet mu 1984, ndipo linakhala limodzi la macenjezo oyambirira akuti AIDS yafika mu Zambia. Makhonde amene ine ndi amalume tinali kukhalamo pa benchi ndi a cipatala comweco.

Koma HIV si imene imapanga khansa ya Kaposi. Mu 1994, ku Columbia University mu New York, Yuan Chang ndi mwamuna wake Patrick Moore anapeza kacirombo kena m'mabala amenewa, ka banja la herpes, kamene lero kamachedwa KSHV kapena HHV-8. Kumaiko a azungu ndi kosowa. Kuno kwathu kali ndi anthu ambiri, ndipo ofufuza amene anatsatira amai ndi ana ao mu Lusaka muno anapeza kuti ana ambiri amakatenga akali aang'ono, makamaka kudzera m'malovu. Ndinakumbukira ambuya akutafunira mwana mbatata, ndi amai akupukuta nkhope ya mwana ndi cala conyowetsa pa lilime. Mwina amalume anakatenga ali pamsana pa amai ao. Mwina inenso ndili nako. Ambiri amene ali nako amakalamba ndi kufa ndi zina osadwalapo Kaposi, cifukwa citetezo ca thupi cimakapanikiza. Koma sicimakacotsa.

Usiku wina magetsi atapita, amalume anandifunsa zimene ndinali kuwerenga. Tinali tisanakambirane bwino kucokera Sondo lija. Ndinayesa kuwafotokozera ndi mau a m'buku, koma ndinaona kuti sakumva. Ndiye ndinayamba ndi geti yao.

Ndinati thupi lili ngati yadi yaikulu ya nyumba zambiri, ndipo nyumbazo ndi maselo. Selo lililonse limapacika panja pake kacikwangwani, kamene akatswiri amakacha MHC. Pa kacikwangwaniko selo limaika tizidutswa ta zonse zimene zikupangidwa m'kati mwake. Masoja ena, ochedwa CD8, amayenda khomo ndi khomo kuwerenga. Akapeza kadutswa kacilendo, amadziwa kuti m'nyumbamo mwalowa wakuba, ndipo amaigwetsa nyumba yonseyo.

“Monga reji,” anatero amalume. “Pa geti sinitsegulira munthu wopanda reji.”

Ndinati inde, ndipo kacirombo aka kali ndi njira zingapo zozembera. Yoyamba ndi kugona. Kakalowa m'selo, kawirikawiri la m'magazi kapena la m'kati mwa mitsempha, kamadzipinda ngati mphete ndi kukhala phee. Pa majini ake oposa 80, kamagwiritsa nchito ocepa cabe. Limodzi mwa iwo limapanga puloteni yochedwa LANA, imene imamangirira mpheteyo ku majini a selo, kotero kuti selo likagawikana, kacirombo kamapita m'maselo onse awiri. Wogona sapanga phokoso, ndipo tizidutswa tofika pa cikwangwani timakhala tocepa kwambiri.

Yaciwiri imagwira nchito kakadzuka kuti kaswane. Kamapanga mapuloteni awiri, K3 ndi K5, amene ofufuza anazindikira nchito yao mu 2000. Awa amadinda cizindikiro pa MHC, cizindikiro cimene selo limaika pa zinthu zokataya. Selo lomwelo limameza zikwangwani zake ndi kuziphwanya. Msoja wa CD8 akafika, sapeza cowerenga, ndipo amapitirira.

Amalume anapukusa mutu. “Ameneyo ni malonda wopusa. Nyumba ilibe nambala, munthu alibe reji, ndiye woyamba kumugwira.”

Ndinaseka koyamba m'miyezi yambiri, cifukwa anafunsa funso lenileni limene akatswiri anafunsa. Thupi lili ndi alonda ena, maselo a NK, amene nchito yao ndi yomweyo: kukayikira selo losowa cikwangwani. Koma iwo amafunanso kumva kulira, timbendera timene selo lobvutika limatulutsa poitana thandizo. K5 imacotsanso tina mwa timbendera timeneto. Selo limakhala lopanda reji, komanso lopanda mau.

Yacitatu ndi kuba. Pa zaka zosawerengeka zimene kacirombo aka kakhala mwa anthu, kanakopera majini athu ena ndi kuwasintha pang'ono. Selo likagwidwa, limaliza wezulo yochedwa interferon kuti anzake akonzeke. Kacirombo kali ndi mapuloteni ofanana ndi oyang'anira wezuloyo, amene amaitseka. Selo lodwala liyenera kudzipha lokha kuti lipulumutse ena. Kacirombo kali ndi mapuloteni oletsa zimenezo. Kali ngakhale ndi uthenga wake wabodza wofanana ndi wathu wochedwa IL-6, umene umaitana maselo otupitsa ndi kukulitsa timitsempha tatsopano ta magazi. Mtundu wa nthudza uja umacokera pamenepo: timitsempha topotoka tothithikana, tocuca magazi pansi pa khungu. Kutupa kwa phazi kumabwera pamene njira zobwezera madzi a m'thupi zatsekeka.

Amalume anakhala cete, kenako anakamba za nyumba ina ya mu msewu wao imene inaberedwa zaka zapitazo. Mpanda unali ndi waya wa magetsi, agalu analipo, mlonda anali maso. Akuba anabwera masana atabvala maovolosi a anthu okonza mapaipi, ndi kalata yodinda m'manja.

“Wakuba woopsa salumpha mpanda,” anatero. “Amadziwa mmene geti imaganizira.”

Ndinawauzanso kuti CD4 ndi ciwerengero cabe. Cimakuuza kuti masoja ndi angati, osati kuti akudziwa nkhope ya mdani uti. HIV ikasakaza thupi m'zaka zoyamba, ena mwa masoja amene anali kudziwa kacirombo ka Kaposi amatha, ndipo obwera pambuyo pake samudziwa bwino. Ukalamba naonso umawafooketsa. N'cifukwa cake madokotala m'maiko osiyanasiyana akhala akuona Kaposi ngakhale mwa anthu amene HIV yao inagonja kalekale. Ma ARV anacepetsa kwambiri khansa imeneyi, ndipo popanda iwo amalume sakanafika 2018. Koma sanatseke khomo lonse.

Powerenga ndinakumananso ndi khansa ina ya pa khungu, yosowa kwambiri, yochedwa Merkel cell carcinoma. Imagwira makamaka acikulire a khungu loyera amene apsa ndi dzuwa zaka zambiri, komanso anthu a citetezo cofooka. Imayamba ngati kacotupa kolimba kosapweteka, kokula msanga, ndipo imapha mofulumira ikacedwa kupezeka. Mu 2008, ku Pittsburgh, banja lomwe lija la Chang ndi Moore linapeza kacirombo kenanso m'zotupa 8 mwa 10 zimene anapima. Khansa imeneyinso imatsitsa zikwangwani zake za MHC. Ilinso ndi njira ina: imaonetsa puloteni yochedwa PD-L1, imene ikakhudza msoja imamuuza kuti aime, apumule. Mu 2017 dziko la America linabvomereza mankhwala ochedwa avelumab, amene amaphimba puloteni imeneyo kuti msoja asamve lamulo labodzalo. Khansa imene inali kubwerera msanga pambuyo pa mankhwala akale inayamba kugonja mwa odwala ena kwa zaka. Mankhwala a mtundu umenewu akuyesedwanso pa Kaposi. Mtengo wake ndi wakuti malipiro a mlonda a caka conse sangafikepo. Ndinazimitsa foni usiku umenewo ndili ndi cimwemwe ndi mkwiyo pamodzi, poona kuti nzeru zocokera ku matenda ofala kwathu zikuyamba kucizira kutali.

Cimene tinali naco ife ndi Cancer Diseases Hospital, pafupi ndi UTH, imene inatsegulidwa mu 2007. Amalume anayamba kulandira mankhwala a m'dripu pa masabata atatu alionse, uku akupitiriza ma ARV. Tinali kunyamuka mdima usanathe, kuyenda pang'onopang'ono mpaka ku Mtendere, kukwera minibasi ya mu Alick Nkhata Road, kenako kufunafuna ina. Pa benchi tinali kukhala ndi anthu ocokera ku Mongu, ku Mansa, ku Lundazi, ena atagona masiku pa nyumba za acibale. Ife tinali ndi mwai wokhala pafupi, ndipo tinataya miyezi itatu ya mwaiwo ndi masokosi, mphini ndi kukayikirana.

Mankhwalawo anali aukali. Tsitsi linathothoka, nsima inali kuwanunkhira, zala zinacita dzanzi. Pambuyo pa dripu yacitatu bala la m'kamwa linazimirira. Pambuyo pa yacisanu ndi cimodzi timabala ta pa phazi tinaphwa, tinatsala ngati zipsera za moto. Kutupa kunacepa koma sikunathe, ndipo khungu la pa kakolo linatsala lolimba ngati khungwa. Jombo sinalowenso. Nchito ya pa geti inathera pamenepo. Caka canga comaliza ca koleji analipira ndi amai, ndi ndalama za vitumbuwa ndi za cilimba.

Ndinacedwa kupepesa. Ndinali kudikira mau abwino, ndipo sanabwere. Tsiku lina ndikuwamanga bandeji, ndinangoti, “Amalume, ndinali kuwerenga mapilisi anu.”

“Ninadziwa tsiku loyamba,” anatero. “Botolo nimaika pepala lake likuyang'ana ku khoma. Ninali kulipeza likuyang'ana ku citseko.”

“Nanga bwanji simunakambe?”

“Unali pa nchito, mwanawe. Malonda amene safufuza bwana wake cifukwa ca ulemu, tsiku lina adzamupeza wafa m'nyumba. Cimene cinanipweteka n'cakuti unawerenga, unapeza zili bwino, koma sunakhulupirire zimene unawerenga.”

Mau amenewo ndimayenda nao ku labu. Pepala likabwera ndi dzina la Kaposi, sindiyambanso ndi kuweruza mwini wake. Ndipo ndikamva wina akunena kuti uje ayenera kuti anasiya mankhwala, taonani miyendo yake, ndimamuuza za amalume.

Lero ali ndi kantemba pakona pa mzere wathu, ka machesi, sopo wodula, mafuta a m'timapaketi ndi tokotaimu. Amapitabe ku cipatala pa masiku amene anawalembera, cifukwa kacirombo kaja sikanacoke, kanangogonanso, ndipo iwo adziwa. Amakhala pa kampando phazi lili pa kreti, m'mapatapata amene amai anawadula lamba ndi kulumikiza ndi waya kuti akwane. Zipsera zimaoneka kwa aliyense wobwera kudzagula. Ana amafunsa, ndipo iwo amayankha.

Mwezi watha mnyamata wina wonyamula malasha pa njinga anaima kugula fodya mmodzi. Kunali kotentha, koma anali ndi masokosi aubweya m'mapatapata. Amalume anamupatsa cenji, kenako anagwira handulo ya njingayo.

“Mwana wanga, khala pansi pang'ono. Bvula nione.”